Botolo Locokera ku Kentucky

Pa Khirisimasi yapitayi mwana wa alongo athu, amene akugwira nchito ya unamwino mu mzinda wa Louisville ku America, anabwera kudzaona makolo patapita zaka zisanu ndi cimodzi. Monga mwana wodziwa mwambo, sanabwere cimanjamanja. Amai ake anawatengera nsalu ndi nsapato, ana anawatengera mabuku, ndipo amalume ake aakulu, amene ndi akulu athu a bere limodzi, anawapatsa botolo la wisiki wa mtundu wochedwa bourbon. Pa cipepala ca botololo panali mau a Cingelezi akuti barrel proof, ndi nambala 126. Palibe mmodzi wa ife amene anafunsa tanthauzo la nambalayo.

Titatha kudya, amuna tinasonkhana pansi pa mtengo wa mango. Matambula anali ocepa, cotero wisiki uja anathiridwa m'makapu a tiyi, ndipo anamwedwa monga mmene timamwera mowa wa masese pa ukwati: kugugudiza, kupukuta pakamwa ndi kupatsira mnzako. Mnyamata wina atalawa anatsokomola napempha madzi oti athiremo. Akuluakulu anamuseka, nati mowa wa amuna sathira madzi. Ife amene timaima kutsogolo kwa akhristu Lamulungu lililonse tinaona zonsezi, koma tinakhala cete poopa kudzudzula akulu athu pamaso pa alendo.

Pasanathe maola awiri, akulu athu aja, munthu amene sanagwepo ndi mowa ciyambire unyamata wao, anali gone pansi osayankha, kupuma kwao kuli kwa apo ndi apo. Tinathamangira nao ku cipatala ca mishoni kumene anacezera usiku wonse. Mulungu anatikomera mtima, m'mawa anatsitsimuka. Mwana uja anagwada pambali pa bedi misozi ili m'maso, nati: "Amalume, mundikhululukire, ndinalakwa posakuuzani. Kumene ndikhala mowa uwu samamwa motere. Amathira pang'ono pokha pansi pa tambula, amaonjezamo madzi, ndipo munthu amatha ola lathunthu ali ndi kamowa komweko."

Awerengi ena adzafunsa kuti nkhani ya wisiki ikufuna ciani m'magazini ya mabanja a Cikatolika. Yankho lathu ndi lakuti mabotolo otere ayamba kufika m'nyumba zathu kudzera mwa ana athu okhala kunja ndi m'masitolo a m'mizinda, ndipo umbuli wathu unatsala pang'ono kutiika m'maliro pa tsiku la cikondwerero. Ndiponso pofufuza tinapeza cinthu cimene sitinaciyembekeze. Anthu amene amaudziwa bwino mowa umenewu kuposa wina aliyense, amene nchito yao ndi kuulawa ndi kuusakaniza, ndiwo amene amauopa kwambiri ukali wake. Iwo amathira madzi amene ife tinamusekera mnyamata uja.

Dziko la cimanga ndi Akatolika

Kentucky ndi cimodzi mwa zigawo 50 za United States, ndipo bourbon wambiri wa pa dziko lonse amaphikidwa kumeneko. Mbiri ya mowawu ndi mbiri ya Mpingo wathu m'deralo zinayendera limodzi. M'caka ca 1785 mabanja 25 a Akatolika ananyamuka ku Maryland nakakhazikika pa kamtsinje ka Pottinger's Creek, motsogozedwa ndi Basil Hayden. Munthu ameneyu anali mlimi ndiponso wocheza wisiki, ndipo ndiye anapereka malo pamene panamangidwa chalichi ca Holy Cross mu 1792, chalichi coyamba ca Akatolika m'Kentucky monse. Bambo Stephen Badin, wansembe woyamba kudzozedwa mu United States mu 1793, anatumizidwa kukatumikira akhristu omwewa, nayendera midzi yao pa kavalo. Mu 1808 Papa Pius VII anakhazikitsa Dayosizi ya Bardstown, ndipo Ambuye Benedict Joseph Flaget anakhala episkopi wake woyamba.

Lero tauni ya Bardstown imadzichula likulu la bourbon. Pafupi napo pali likulu la Masisitere a Loretto, cipani cimene cinayamba mu 1812, ndipo wisiki wa Maker's Mark amaphikidwa m'dera lomwelo la Loretto. Palinso nyumba ya amonke a Trappist ya Gethsemani, yokhazikitsidwa mu 1848, kumene anakhala mlembi wochuka Thomas Merton. Amonke amenewa amadzithandiza pogulitsa makeke a zipatso amene amathiramo bourbon pang'ono.

Kodi n'cifukwa ciani alimi oopa Mulungu anayamba kucheza wisiki? Mlimi aliyense wa ku Lundazi kapena ku Petauke amene anaonapo cimanga cake cikufumbwa podikira ogula adzamvetsa. Nthaka ya Kentucky inkabereka cimanga cambiri, koma miseu kunalibe ndipo misika inali kutali. Cimanga cikasandutsidwa wisiki cinkacepa, sicinkaola, cinkanyamulika pa kavalo kapena pa bwato, ndipo cinkasinthanitsidwa ndi mcere kapena nsalu ngati ndalama.

Tisabisenso mbali yomvetsa cisoni. Nchito yambiri ya m'minda ndi m'malo ochezera wisiki inagwiridwa ndi akapolo ocokera ku Afirika, ndipo mabanja ena a Akatolika naonso anali ndi akapolo. M'cigawo coyandikana ca Tennessee, munthu amene anaphunzitsa Jack Daniel kaphikidwe ka wisiki anali kapolo, dzina lake Nearest Green. Dzina lake linakhala lobisika kwa zaka zoposa 100. Mu 2017 panayamba wisiki wochedwa Uncle Nearest pomukumbukira, ndipo mdzukulu wa m'banja lake, Victoria Eady Butler, anadzakhala katswiri wosakaniza wisikiyo.

Mowa wa malamulo

Mu 1964 Nyumba ya Malamulo ya United States inagamula kuti bourbon ndi cakumwa ca dziko lao lokha, ndipo malamulo ake ndi okhwima. Pa mbewu zonse zophikira, cimanga ciyenera kukwana maperesenti 51 kapena kuposerapo. Zotsalazo zimakhala cimera ca balere ndi tirigu kapena mbewu yofanana naye yochedwa rye. Mbewuzi amazipera, amaziphika, amathiramo yisiti, ndipo phalalo limawira kwa masiku angapo monga umacitira mowa wa kwathu. Pambuyo pake amaucheza m'mipope ikuluikulu ya mkuwa. Mpaka apa kusiyana kwake ndi kacasu n'kocepa: cimene cimatuluka ndi madzi oyera mbee, oocha pakhosi.

Kusiyana kumayambira pa muyeso. Cinthu coledzeretsa ca mu mowa, cimene cimachedwa alcohol, Amerika amaciyesa ndi nambala yochedwa proof, ndipo nambalayi ndi maperesenti owirikizidwa kawiri. Mowa wa proof 80 uli ndi maperesenti 40 a alcohol, ndipo wa proof 126, ngati uja wa akulu athu, uli ndi maperesenti 63. Lamulo likuti pocheza bourbon asapitirire proof 160, pomuthira mu mgolo asapitirire proof 125, ndipo pomuika m'botolo asacepere proof 80. Mgolo uyenera kukhala watsopano, wa matabwa a mtengo wa oak, woochedwa m'kati. Saloledwa kuthiramo utoto, shuga kapena zonunkhiritsa. Cinthu cokha cimene amaloledwa kuonjeza ndi madzi.

Zimene zimacitika mu mgolo

Mgolo umodzi umalowa malita 200. Asanautseke amauocha m'kati ndi lawi la moto kwa masekondi osakwana mphindi imodzi, mpaka matabwa atasanduka makala pamwamba. Kuseri kwa makalawo moto umasungunula shuga wacibadwa wa mu mtengo. Migolo ikadzazidwa amaisanja m'nkhokwe zazitali, zina za nsanjika zisanu ndi ziwiri kapena kuposerapo, ndipo zambiri sazitenthetsa kapena kuziziritsa. Ku Kentucky kumatentha kwambiri pakati pa caka ndipo kumazizira mpaka madzi kuuma pa Khirisimasi. Kukatentha wisiki amafufuma nalowa m'matabwa, kukazizira amabwerera. Kulowa ndi kutuluka kumeneku, caka ndi caka, ndiko kumampatsa mtundu wofiirira ndi fungo la vanila, la shuga wopsereza ndi la kokonati. Makala aja amacotsa mafungo oipa.

Caka ciliconse gawo lina, pafupifupi maperesenti 3 mpaka 5, limauluka kudzera m'matabwa. Eni ake amalichula gawo la angelo, ngakhale ife ophunzitsa katekisimu tikudziwa kuti angelo alibe nalo nchito. Pamwamba pa nkhokwe, pamene pali potentha ndi pouma, madzi ndiwo amauluka msanga, cotero ukali umakwera, ndipo wisiki wolowa ndi proof 125 angathe kutuluka ndi 135 kapena 140. Pansi, pamene pali pozizira ndi pa cinyezi, ukali ungathe kutsika. Motero migolo iwiri yodzazidwa tsiku limodzi ndi mowa umodzi, ikakhala zaka zisanu ndi zitatu wina pamwamba wina pansi, imatuluka yosiyana ngati ana a mai mmodzi oleredwa m'midzi iwiri. Apa ndi pamene nchito ya wolawa ndi wosakaniza imayambira.

Mphatso ya Booker Noe

Kwa zaka zambiri makampani ankakhuthulira pamodzi migolo mazanamazana, kuthira madzi mpaka proof 80 kapena 90, ndi kugulitsa. M'zaka za m'ma 1980 malonda a bourbon anali atalowa pansi, pakuti anthu ankauona ngati mowa wa nkhalamba. Mu 1984 Elmer T. Lee anatulutsa Blanton's, wisiki wocokera mu mgolo umodzi wosankhidwa. Pa nthawi yomweyo Booker Noe, mdzukulu wa Jim Beam, anali ndi cizolowezi cosankha migolo yocepa ya pakatikati pa nkhokwe, ndi kuthira wisiki wake m'mabotolo wosaonjeza madzi, kuti apatse abwenzi pa Khirisimasi. Mu 1988 anayamba kuugulitsa ndi dzina lakuti Booker's, ndipo ndiye anachukitsa mau akuti small batch, kutanthauza mowa wosakanizidwa kucokera m'migolo yocepa. Mu 1992 kampaniyo inaonjezapo Knob Creek, Baker's ndi Basil Hayden's, wokumbukira Mkatolika uja wa ku Maryland.

Wogula ayenera kucenjera pa mau awiriwa. Mau akuti small batch alibe lamulo lowamasulira. Kampani ina ingatanthauze migolo khumi, ina migolo mazana angapo. Koma mau akuti barrel proof ali ndi cigamulo ca boma ca 1979: ukali wa m'botolo usatsike ndi proof yoposa 2 kucokera pa umene unayesedwa potuluka mu mgolo. N'cifukwa cake nambala ya pa mabotolo otere imasinthasintha. Mwacitsanzo, kampani ya Heaven Hill imatulutsa Elijah Craig Barrel Proof katatu pa caka, mu January, May ndi September, ndipo ulendo uliwonse nambala imakhala yakeyake.

Tsono cifukwa cogulitsira mowa wosathira madzi si cakuti munthu aledzere msanga. Eni ake amafuna kuti wogula alandire fungo lonse la mu mgolo, ndipo athire yekha madzi monga mwa kukonda kwake. Botolo lotere lili ngati sobo wosasungunula, ndipo palibe munthu wanzeru amene amapatsa mwana sobo wa m'botolo namuuza kuti ndiwo umuna.

Mmene amalawira

Wolawa amakonzekera ngati munthu wopita kukayesedwa magazi. Sasuta fodya, sadzola mafuta onunkhira, sadya tsabola asanayambe nchito, ndipo ambiri amalawa m'mawa mphuno isanatope. Amatsegula kabowo ka mgolo natunga pang'ono ndi mpope wamkuwa umene amauchula wakuba. Amathira m'katambula kotakasuka pansi, kopapatiza kukamwa, kuti fungo lisonkhane. Nthawi zambiri matambula amakhala ndi manambala okha, kuti dzina kapena zaka za mgolo zisamunyenge.

Poyamba amayang'ana mtundu pa kuwala. Kenaka amanunkhiza, mphuno ili capatali pang'ono ndi milomo yotsegula, pakuti ukaika mphuno m'kati mwa mowa wa maperesenti 63 imacita dzanzi ndipo sumvanso kanthu. Nchito yaikulu imathera pa mphuno pomwepa. Akafuna kulawa amatenga kadontho, nakayendetsa m'kamwa monse ngati akutafuna, njira imene Booker Noe anaichukitsa ndi dzina lakuti Kentucky chew. Amamvetsera kutsekemera, kuwawa, kuyabwa kwa ngati tsabola, ndi utali wa nthawi imene kakomedwe kamakhala pa lilime. Akatero amalavula, amatsuka m'kamwa ndi madzi, nalemba zimene wapeza. Munthu wolawa matambula makumi awiri kapena atatu pa tsiku atati azimeza, sangafike masana ali ciimire, ndipo lilime lake silingakhalenso la nchito.

Madzi ndiwo cida cake cacikulu. Olawa ambiri amasungunula wisiki mpaka maperesenti 20 okha, pakuti ukali umaphimba mafungo, abwino ndi oipa omwe. Ukali ukatsika, fungo la zipatso limaonekera, komanso colakwa ciliconse cimaululika: fungo la nkhungu locokera ku cimanga cosauma bwino, kapena kuwawa kwa mgolo umene wakhalitsa. Mu 2017 akatswiri awiri a pa Linnaeus University ku Sweden anaonetsa kuti wisiki akasungunulidwa, kanthu kena konunkhira kochedwa guaiacol kamakwera pamwamba pa tambula pamene mphuno ingakapeze. Cotero mnyamata uja amene anapempha madzi pansi pa mango anali pafupi ndi akatswiri a ku Kentucky kuposa ife tonse amene tinamuseka kapena kukhala cete.

Mmene amasakanizira

Atalawa migolo yambiri, wosakaniza amasankha yoti ikhale pamodzi. Sayamba ndi migolo yathunthu. Amayamba ndi timabotolo ndi kacubu koyesera, kuthira mamililita ocepa a uwu ndi ocepa a uwo, nalemba muyeso uliwonse. Cosakanizaco amacisiya masiku angapo kuti cigwirizane, nacilawanso pamodzi ndi anzake, pakuti lilime la munthu mmodzi limanama tsiku lina. Paja akulu anati mutu umodzi susenza denga. Akagwirizana ndi pamene amalamula kuti migolo ikhuthulidwe, ndipo ikakhuthulidwa palibenso kubweza.

Kampani ya Four Roses ku Lawrenceburg ndi citsanzo cabwino. Kwa zaka zambiri inkaphika ndi miyeso iwiri ya mbewu, wina wa rye wambiri wina wocepa, ndi mitundu isanu ya yisiti, wina wopatsa fungo la zipatso, wina la maluwa, wina la zokometsera ndiwo. Ziwiri kuculukitsa ndi zisanu zimapatsa mitundu khumi ya wisiki, ndipo botolo lao la Small Batch limasakaniza inai mwa khumiyo.

Amai athu ophika ndiwo zotendera adzamvetsa msanga nzeru imeneyi. Nsinjiro payokha si ndiwo, mcere pawokha sudyeka, cidulo cikaculuka mphika wonse waonongeka, koma ciliconse pa muyeso wake cimakweza cinzake. Mgolo wa pamwamba, wowawa ndi mtengo, sungamweke pawokha, koma pang'ono pake pamapatsa msana wisiki wotsekemera wa pansi. Mgolo wokoma kopambana ungathe kukanidwa cifukwa ukuphimba anzake. Ndipo posakaniza barrel proof nchito imakula, pakuti sipadzakhala madzi obisa colakwa. Wosakaniza amadikira zaka zisanu ndi cimodzi, zisanu ndi zitatu, nthawi zina khumi ndi ziwiri, kuti aone zotsatira za mowa umene anaika mu mgolo, ndipo wina amafa asanalawe umene anasunga. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tiwerengere pamodzi

Tibwerere pansi pa mango ndi pensulo m'manja. Botolo la mamililita 750 la maperesenti 63 lili ndi mamililita 472 a alcohol weniweni. Botolo la mowa wamba la mamililita 375, la maperesenti 5, lili ndi mamililita osakwana 19. Ndiye kuti botolo limodzi lija linali lofanana ndi mabotolo 25 a mowa wamba, kuposa kireti yathunthu. Theka la kapu ya tiyi, mamililita 100, linali loposa mabotolo atatu. Akulu athu anamwa makapu awiri osadzaza bwino m'mphindi zocepa, ndiko kuti mabotolo ngati khumi nthawi imodzi. Ciwindi ca munthu wamkulu cimatha kucotsa pafupifupi mamililita 10 okha pa ola. Otsalawo amazungulira m'magazi, ndipo akaculuka amagonetsa mbali ya ubongo yolamulira kupuma. Munthu woledzera wosadzuka pomugwedeza sayenera kusiyidwa kuti agone. Mugonekeni cam'mbali kuti asatsamwe ndi masanzi, ndipo thamangirani naye ku cipatala.

Kwathu kuno vuto la mowa woocha si lacilendo. Mu 2012 boma linaletsa timapaketi ta tujilijili titaononga acinyamata ambiri, koma timabotolo totsika mtengo tikalipo, ndipo kacasu akuchezedwabe kuseri kwa nyumba. Botolo la ku Kentucky lili ndi ubwino umodzi: limanena ukali wake poyera. Kacasu alibe nambala, ndipo wamutu, woyamba kudontha, ndi woocha kuposa wotsatira. Koma nambala ilibe phindu kwa munthu wosaiwerenga. Mukaona mau akuti proof, gawani nambalayo pawiri. Mukaona cizindikiro ca peresenti, yerekezani ndi 5 wa mowa wamba.

Mpingo ukutiphunzitsa ciani?

Mpingo Wakatolika sunena kuti cakumwa mwa ico cokha ndi chimo. Ambuye athu anacita cozizwitsa cao coyamba pa ukwati wa ku Kana, ndipo m'nkhani imeneyo muli munthu amene nchito yake inali kulawa, mkulu wa phwando, amene anazindikira vinyo wabwino cifukwa mutu wake unali usanazungulire. Cimene Mpingo umafuna ndi khalidwe la kudziletsa. Katekisimu wa Mpingo, pa ndime 2290, amaticenjeza za kupyola muyeso pa cakudya, mowa, fodya ndi mankhwala, ndipo amanena kuti woika moyo wake kapena wa ena pa ngozi pa mseu kaamba ka kuledzera ali ndi mlandu waukulu.

Tisanamizanenso kuti wisiki wokwera mtengo ndi wabwino m'thupi. Ciwindi sicidziwa mtengo wa botolo. Mu 1988, caka comwe Booker's anayamba kugulitsidwa, nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa inaika zakumwa zoledzeretsa m'gulu la zinthu zodziwika kuti zimayambitsa khansa, ndipo mu 2023 bungweli linanena kuti palibe muyeso wa mowa umene tinganene kuti ulibe ngozi konse. Kwa mai woyembekezera, kwa mwana wosakwana zaka 18, kwa woyendetsa galimoto, ndi kwa mbale amene akayamba satha kuleka, muyeso woyenera ndi kusakhudza n'komwe. Abale athu a cipani ca Pioneer, cimene Bambo James Cullen wa Cijezwiti anayambitsa ku Dublin mu 1898 ndipo cili m'maparishi athu ambiri, amasala mowa moyo wao wonse popepesera macimo a kuledzera. Nsembe yao ndi yolemekezeka, ndipo nkhani ino isakhale cifukwa coti wina aliyense ayambe kumwa.

Koma kwa amene amamwa, olawa a ku Kentucky akutitsutsa pa cinthu cimodzi. Ife timayamikira mowa kaamba ka ukali wake, ndipo timayesa mwamuna ndi kuculuka kwa zimene wameza. Anyamata athu amaphunzira muyeso umenewu kwa ife, pa maukwati, pa maliro ndi pa maubatizo. Iwo amene amakhala ndi mowa woocha kopambana tsiku ndi tsiku amauyesa, amausungunula, amaununkhiza, amalavula, ndipo amapita kwao madzulo ali ndi nzeru zao zonse. Sacita izi cifukwa ndi oyera mtima kuposa ife, pakuti ku Kentucky nakonso zidakwa ziliko ndi mabanja osweka aliko. Amatero cifukwa nchito yawaphunzitsa kuti munthu woledzera samvanso kukoma kwa cimene akumwa.

Ife tinalapa chimo lathu la kukhala cete, ndipo tinakapepesa kwa mnyamata uja pamaso pa atate ake. Akulu athu anacira. Botolo lija likali pamwamba pa kabati ndi kamowa kotsala pansi, ndipo anatipempha kuti tiwalembere pa kapepala kuti 126 kugawa pawiri ndi 63, namata kapepalako pa botolo. Mlendo akafunsa, amamufotokozera okha zimene zinawacitikira. Mwana wa alongo athu anabwerera ku Louisville, ndipo walonjeza kuti ulendo wina adzawatengera amalume ake keke ya amonke a ku Gethsemani.

Mafunso okambirana m'mphakati

1. Kodi pa zikondwerero za m'banja mwathu, ana amationa tikuyamikira ciani pa nkhani ya mowa?
2. Kodi tinakhalapo cete poona mkulu kapena mnzathu akupyola muyeso? Tikanalankhula motani mwaulemu?
3. M'mphakati mwathu, ndani angathandize banja limene likuvutika kaamba ka mowa, ndipo tiyamba liti?